Kudziwa amene akuyendetsa pulogalamu yanu

Chaka chatha ndinalembera mwini sitolo ina yogulitsa makope, zolembera ndi mapepala, pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, kapulogalamu kotulutsa malisiti. Kompyuta inali imodzi, ya Ubuntu, mtundu wina wa Linux, koma akalaliki anali atatu, aliyense ndi akaunti yake, ndipo pempho la mwini sitoloyo linali loti pansi pa lisiti lililonse pazioneka dzina la amene walandira ndalama. Kwa milungu iwiri zonse zinayenda bwino. Kenako anagula pulinta yatsopano imene inkakana kusindikiza pokhapokha pulogalamuyo itayendetsedwa ndi `sudo`, lamulo lobwerekera mphamvu za woyang'anira kompyuta, ndipo akalalikiwo, posafuna kuchedwetsa makolo amene anadzaza m'sitolomo m'sabata yotsegulira sukulu, anazolowera kuchita zimenezo. Pakutha pa mwezi ndalama zinaperewera, ndipo malisiti atatulutsidwa kuti aone amene anali pakauntala masiku amenewo, anapeza kuti pa lililonse palembedwa dzina limodzi lokha, root, lomwe ndi dzina la akaunti ya mphamvu zonse pakompyutapo. Cholakwa chinali changa. Ndinalemba mzere umodzi wofunsa kompyuta dzina la woigwiritsa ntchito, osaganiza kuti funso limeneli lili ndi mayankho angapo, ndiponso kuti ena mwa mayankhowo munthu angathe kuwasintha ndi manja ake.

Zimene ndalemba pansipa ndi njira imene ndimatsata kuyambira nthawi imeneyo. Zitsanzo zambiri ndi za Linux, mu Python ndi mu C, chifukwa ndi kumene nkhaniyi imaonekera poyera, koma ndifikanso ku Windows ndi ku mapulogalamu a pa intaneti.

Choyamba, dziwani chimene mukulifunira dzinalo

Musanalembe mzere uliwonse, dziyankheni kuti dzinalo mukalipeza muchita nalo chiyani. Ngati cholinga n'kungopereka moni pamwamba pa windo, njira iliyonse yachidule ikwanira, ndipo ikalakwitsa palibe amene wapwetekeka. Ngati cholinga n'kupeza foda yosungiramo zokonda za munthuyo, ndiye kuti chimene mukufuna si dzina ayi koma malo a fodayo, ndipo malowo ali ndi njira yake yowafunsira, monga `Path.home()` mu Python, imene ndi yabwino kuposa kulumikiza nokha dzina la munthu ndi `/home`. Koma ngati dzinalo lidzagwiritsidwa ntchito polola kapena kukaniza munthu kuchita kanthu, kapena lidzalembedwa m'kaundula amene tsiku lina adzakhala umboni pa mlandu wa ndalama, muyenera kulitenga pamalo pamene mwini wakeyo sangalikhudze. Pamenepa muyeneranso kusiyanitsa anthu awiri amene kawirikawiri amakhala munthu mmodzi, koma osati nthawi zonse: amene analowa pakompyuta ndi pasiwedi yake m'mawa, ndi amene mphamvu zake zikugwiritsidwa ntchito panthawi imene pulogalamu ikufunsa.

Chachiwiri, onani ndi maso anu pa terminal

Tsegulani terminal, windo lolemberamo malamulo, ndipo mulembe malamulo anayi awa, limodzi ndi limodzi:

```
whoami
id
logname
echo $USER
```

Ngati mwalowa ndi akaunti yotchedwa kalaliki, malamulo atatu akuyankhani kuti kalaliki, pamene `id` likupatsani mzere wautali wofanana ndi `uid=1001(kalaliki) gid=1001(kalaliki) groups=1001(kalaliki),27(sudo)`. Apa n'kosavuta kuganiza kuti malamulo onsewa ndi amodzi. Tsopano lembani `sudo -i`, mupereke pasiwedi, ndi kubwereza onse anayi. Muona kuti `whoami` likuti root, `$USER` akuti root, koma `logname` likadaumirirabe kuti kalaliki. Ngati muli pa Debian, mtundu winanso wa Linux, kumene root amakhala ndi pasiwedi yakeyake, yesaninso `su`, lamulo losinthira ku akaunti ina, popanda kamzere (`-`) patsogolo pake, ndipo muona zachilendo zina: `whoami` likuti root pamene `$USER` akadali kalaliki, chifukwa `su` wolembedwa motero sasintha USER ndi LOGNAME ngati akaunti imene mukupitako ndi ya root.

Kuyesa komaliza pa gawoli ndi kumene kunanditsegula maso. Tulukani mu root, ndipo muli kalaliki wamba mulembe izi:

```
LOGNAME=msungi python3 -c "import getpass; print(getpass.getuser())"
```

Yankho likhala msungi, ngakhale kuti simunapereke pasiwedi ya msungi, ndipo ngakhale pakompyutapo palibe akaunti ya dzina limenelo. Chifukwa chake n'chakuti `getpass.getuser()` imayamba yayang'ana LOGNAME, kenako USER, kenako LNAME, kenako USERNAME, ndipo imapita kukafunsa kwina pokhapokha zonse zinayi zitasowa. Zimenezi ndi environment variables, mawu amene pulogalamu imalandira kuchokera kwa amene waiyambitsa. Zili ngati buku la alendo limene mumapeza pachipata cha maofesi ambiri kuno, pamene mlonda amakupatsani cholembera n'kulemba dzina lililonse limene mwafuna. Bukulo limathandiza ndithu, koma palibe amene angapereke makiyi a sefa potengera zolembedwamo. Mzere umene ndinalemba m'pulogalamu ya malisiti ija unali womwewu, ndipo tanthauzo lake n'lakuti, ngakhale pulinta ikanapanda kuvuta, kalaliki wochenjera akanatha kulemba lisiti m'dzina la mnzake.

Chachitatu, mvetsani kuti kompyuta imadziwa nambala

Mtima wa Linux, umene umatchedwa kernel, susamala mayina. Pulogalamu iliyonse imene ikuyenda imanyamula nambala ya akaunti, UID, ndipo nambala imeneyi ndi imene imayang'aniridwa pofuna kutsegula fayilo kapena kuimitsa pulogalamu ina. Root ndi 0. Pa Debian ndi Ubuntu anthu wamba amayambira pa 1000, pamene pa macOS amayambira pa 501. Dzina limabwera pambuyo, pamene nambalayo yafufuzidwa m'kaundula wa maakaunti, amene pakompyuta yoima payokha ndi fayilo ya `/etc/passwd`. Mzere uliwonse mmenemo uli ndi magawo asanu ndi awiri:

```
kalaliki:x:1001:1001:Kalaliki woyamba:/home/kalaliki:/bin/bash
```

Magawowo ndi dzina lolowera, x woimira pasiwedi imene imasungidwa kwina, UID, nambala ya gulu, dzina lonse la munthu, foda yake, ndi shell yake, pulogalamu imene imalandira malamulo amene iye walemba. Gawo lachisanu limatchedwa GECOS, dzina lotsalira la dongosolo lakale la makompyuta a General Electric. Ndi labwino polonjera munthu mwaulemu, koma musalidalire pa china chilichonse, chifukwa nthawi zambiri limakhala lopanda kanthu ndipo anthu awiri angathe kukhala ndi lofanana.

Nambala imene pulogalamu imanyamula si imodzi. Pali real UID, imene imanena amene anayambitsa pulogalamuyo, ndi effective UID, imene imanena amene mphamvu zake zikugwira ntchito. Taganizani za mesenjala amene watumidwa kukatenga mafayilo ku ofesi ina atanyamula kalata yodindidwa chidindo cha bwana wake. Amene wayenda ndi miyendo ndi mesenjalayo, koma chitseko chatsegulidwa chifukwa cha chidindocho. Chitsanzo chimene chili pa kompyuta ya Linux iliyonse ndi pulogalamu yosinthira pasiwedi. Lembani `ls -l /usr/bin/passwd` ndipo muona `-rwsr-xr-x`, momwe s akutanthauza kuti aliyense woyendetsa fayiloyi amabwerekedwa mphamvu za mwini wake, yemwe ndi root. Pamene kalaliki akusintha pasiwedi yake, real UID ndi 1001 koma effective UID ndi 0. Njira imeneyi imatchedwa setuid, anaiyambitsa ndi Dennis Ritchie ku Bell Labs, ndipo patent yake inatuluka mu 1979. Lamulo la `whoami` limanena dzina la effective UID, pamene `id -run` limanena la real UID. Olemba Python asavutike kuyesa setuid pa mafayilo awo, popeza Linux siilabadira chizindikiro chimenechi pa script.

Chachinayi, funsani kernel, kenako musandutse nambalayo dzina

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, ndipo ndi yaifupi kuposa mmene anthu amaganizira. Mu C imaoneka motere:

```c
#include <pwd.h>
#include <stdio.h>
#include <unistd.h>

int main(void)
{
    uid_t nambala = geteuid();
    struct passwd *mwini = getpwuid(nambala);

    if (mwini != NULL)
        printf("%s\n", mwini->pw_name);
    else
        printf("%lu\n", (unsigned long) nambala);
    return 0;
}
```

Gwiritsani ntchito `geteuid()` mukafuna kudziwa ngati pulogalamu ili ndi mphamvu zochitira kanthu, ndipo gwiritsani ntchito `getuid()` mukafuna kudziwa amene waiyambitsa. Ziwiri zonsezi sizilephera. Imene imalephera ndi `getpwuid()`, ndipo n'chifukwa chake muli mzere wa `else`, umene ambiri amauiwala mpaka tsiku limene pulogalamu yawo idzagwe m'manja mwa kasitomala. Nambala ingathe kukhalapo popanda dzina. Zimenezi zimachitika kawirikawiri mu Docker, mukayendetsa container, kabokosi kopatula koyendetseramo pulogalamu, ndi `--user 1234` pamene m'kaundula wa mkatimo mulibe akaunti ya nambala imeneyo. Zikatero `whoami` limadandaula kuti silikupeza dzina, Python imaponya KeyError, ndipo Java, mukaifunsa `System.getProperty("user.name")`, imangoyankha ndi chizindikiro cha funso. Yankho loyenera pamenepo ndi kulemba nambalayo mmene ilili, osati kupeka dzina kapena kuimitsa ntchito yonse. Dziwaninso kuti `getpwuid()` imabweza malo amodzimodzi nthawi iliyonse mukaiitana, kotero zimene munalandira poyamba zimafafanizidwa ndi zimene mwafunsa kachiwiri. Koperani dzinalo nthawi yomweyo, ndipo ngati pulogalamu yanu ili ndi ma thread angapo, kutanthauza magawo ake oyenda nthawi imodzi, tengani `getpwuid_r()`.

Mu Python ntchito yomweyo ndi iyi:

```python
import os, pwd

def dzina_la(nambala):
    try:
        return pwd.getpwuid(nambala).pw_name
    except KeyError:
        return str(nambala)

print(dzina_la(os.getuid()))
```

Wophunzira wina wa ku Chirunga, nditamusonyeza zimenezi, anandifunsa chifukwa chimene sitingangotsegulira `/etc/passwd` tokha n'kufufuza mzere umene tikufuna, popeza fayiloyo aliyense amaloledwa kuiwerenga. Funso lake ndi lanzeru, ndipo pa laputopu yake njirayo igwira. Koma m'mabungwe aakulu, kumene munthu amalowa pa kompyuta iliyonse ndi akaunti imodzimodzi, mayina amasungidwa pa seva ya LDAP kapena Active Directory, ndipo m'fayilo ija simudzawapeza. `getpwuid()` imadziwa kofunsa chifukwa imatsata zolembedwa mu `/etc/nsswitch.conf`. Mukafuna kuona zimene idzaone, lembani `getent passwd 1001`.

Zinenero zina zili ndi njira zake zofanana ndi zimenezi. Go ili ndi `user.Current()`, pamene Node ili ndi `os.userInfo()`. Pa Java chenjerani, chifukwa `user.name` angathe kusinthidwa ndi aliyense wolemba `-Duser.name=bwana` poyambitsa pulogalamu, kotero nayenso ali m'gulu la buku la alendo lija.

Chachisanu, pezani munthu amene ali kuseri kwa sudo

Tsopano tibwerere kusitolo kuja. Kusintha mzere wanga kuti uzifunsa `os.getuid()` kukanatseka mpata wonamizira dzina, koma malisiti akanapitirizabe kunena root, chifukwa `sudo` amasintha real UID ndi effective UID zonse ziwiri kukhala 0. Mesenjala amasowa, patsala chidindo chokha. Mwamwayi `sudo` amasiya chizindikiro cha amene anamuitana mu SUDO_USER, SUDO_UID ndi SUDO_GID, ndipo mungachigwiritse ntchito motere:

```python
def woyendetsa():
    nambala = os.getuid()
    if nambala == 0 and "SUDO_UID" in os.environ:
        nambala = int(os.environ["SUDO_UID"])
    return nambala, dzina_la(nambala)
```

Taonani kuti SUDO_UID akuwerengedwa pokhapokha real UID ikakhala 0. Mukapanda kuika chotchinga chimenechi, kalaliki wamba angolemba `SUDO_UID=1002` patsogolo pa lamulo n'kusanduka mnzake. Taonaninso kuti chikuyesedwa ndi `getuid()`, osati `geteuid()`, chifukwa m'pulogalamu ya setuid effective UID imakhala 0 pamene environment yonse yachokera kwa munthu wamba. Ngakhale ndi chotchinga chimenechi, munthu amene ali ndi chilolezo choyendetsa chilichonse ndi `sudo` angathe kunamiza, popeza root palibe chomuletsa. Ine ndimaona kuti njirayi ndi yoyenera pa zinthu monga kubwezera umwini wa fayilo kwa amene anaipanga, kapena kupeza foda yake yeniyeni, koma si yokwanira pa umboni wa ndalama.

Linux ili ndi nambala ina yolimbirapo. Munthu akalowa pakompyuta, dongosolo lolowera limalemba UID yake pamalo otchedwa loginuid, ndipo nambala imeneyi imatsatira pulogalamu iliyonse imene iye ayambitse, ngakhale atadutsa mu `su` kapena `sudo` kangati. Mungaione polemba `cat /proc/self/loginuid`. Ndi kumeneku kumene `logname` lija linapeza dzina la kalaliki pamene ena onse ankati root, ndipo ndi kumenenso `getlogin()` ya glibc, laibulale ya C ya pa Linux, imayamba kuyang'ana. Mukaona 4294967295, tanthauzo lake n'lakuti nambalayo sinalembedwe, ndiye kuti pulogalamuyo sinachokere kwa munthu wolowa.

Komabe mankhwala enieni a vuto la kusitolo sanali m'pulogalamu konse. Pulinta inkakana chifukwa fayilo yake, `/dev/usb/lp0`, ndi ya gulu lotchedwa lp, ndipo akalaliki sanali m'gulumo. Ndinalemba `sudo usermod -aG lp kalaliki` kwa aliyense wa atatuwo, ndinawachotsa m'gulu la sudo limene sanayenere kukhalamo kuyambira pachiyambi, ndipo ndinawauza kuti atuluke n'kulowanso, popeza gulu latsopano siligwira ntchito mpaka munthu atalowanso. Ndinawonjezanso mizere iwiri yoti pulogalamu izikana kuyamba ikaona kuti `os.geteuid()` ndi 0. Musaiwale `-a` mu lamulo limenelo, chifukwa popanda iye munthuyo amachotsedwa m'magulu ena onse amene analimo.

Chachisanu ndi chimodzi, konzekerani nthawi imene palibe munthu

Mapulogalamu ambiri amayenda pampando palibe aliyense. Ena amayambitsidwa ndi cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, pakati pa usiku kuti asunge zolemba za tsikulo, ena amayambitsidwa ndi systemd, imene imadzutsa mapulogalamu kompyuta ikayaka, magetsi akabwerera kompyuta n'kudziyatsa yokha. Pamenepo `os.getlogin()` ingathe kulephera ndi OSError, ndipo USER angathe kusowa, chifukwa cron amalonjeza LOGNAME, HOME, SHELL ndi PATH basi. Zimene sizisowa ndi UID, kotero njira ya gawo lachinayi imagwirabe. Chofunika n'chakuti pulogalamu yanu ivomereze kuti nthawi zina yankho loona ndi lakuti palibe munthu, ndipo ilembe dzina la akaunti imene ikuyendera popanda kufufuza wina woti imunamizire. Ndaonapo pulogalamu imene inkatenga dzina loyamba pa mndandanda wa `who`, lamulo losonyeza anthu amene alowa pakompyuta, n'kuliika pa ntchito ya usiku, mwakuti mlembi amene anaiwala kutuluka pa akaunti yake madzulo ankaoneka ngati anagwira ntchito 2 koloko usiku.

Chachisanu ndi chiwiri, chitani zomwezo pa Windows

Maofesi ambiri kuno amagwiritsa ntchito Windows, ndipo mfundo yake ndi yomweyi ngakhale mayina asiyana. USERNAME ndi environment variable, ndipo mukalemba `set USERNAME=bwana` pa windo la cmd, pulogalamu iliyonse yoyambira pamenepo idzauzidwa kuti ndinu bwana. Chofunsa ndi `GetUserName`, imene imafuna malo a zilembo 257, kapena `GetUserNameEx` mukafuna dzina limodzi ndi domain yake. Mu C# muli `Environment.UserName` wa dzina lokha, ndi `WindowsIdentity.GetCurrent()` amene amakupatsani zonse. Mu Python module ya `pwd` kulibe pa Windows, koma `os.getlogin()` kumeneko imafunsa `GetUserName`, kotero ndi yodalirika kuposa `getpass.getuser()`.

M'malo mwa UID, Windows ili ndi SID, mzere wautali woyamba ndi S-1-5-21 kwa maakaunti a anthu, umene mungauone polemba `whoami /user`. Akaunti ya Administrator imene imabwera ndi Windows imathera ndi 500 ngakhale itasinthidwa dzina. Akaunti ikasinthidwa dzina SID siisintha, ndipo foda yake ya mu `C:\Users` imatsala ndi dzina lakale, zimene ndi chifukwa china chosapezera dzina la munthu powerenga dzina la foda yake. Akaunti ikafafanizidwa n'kupangidwanso ndi dzina lomwelo, SID imakhala yatsopano, ndipo kwa Windows ameneyo ndi munthu wina.

Pali misampha iwiri yofanana ndi ya `sudo`. Kuyambira pa Windows Vista, munthu amene ali kale woyang'anira akasankha kuyendetsa pulogalamu ndi mphamvu zonse, dzina ndi SID zimakhala zake zomwe, mphamvu zokha ndi zimene zimakwera. Koma kalaliki wamba akaitana bwana kuti adzalembe pasiwedi yake pa kawindo kofunsa chilolezo, pulogalamuyo imayenda m'dzina la bwanayo, ndipo zonse zimene isunge zipita ku foda ya bwana. Msampha wachiwiri ndi wa ma service, mapulogalamu oyenda okha kuseri, amene ambiri amayenda ngati SYSTEM, wa SID ya S-1-5-18, ndipo sadziwa amene wakhala pampando pokhapokha atafunsa `WTSGetActiveConsoleSessionId` ndi `WTSQuerySessionInformation`. Kwa olemba ma macro mu Excel, amene ndi ambiri m'maofesi a zachuma, ndinene kuti `Application.UserName` ndi dzina limene munthu analemba yekha m'zokonda za Office, ndipo silikhudzana ndi akaunti imene walowera.

Chachisanu ndi chitatu, pa intaneti funsani kwina

Pulogalamu yanu ikakhala pa seva, anthu n'kumaifikira kudzera pa browser, zonse zimene tanenazi zikuuzani za seva, osati za munthu amene ali pa foni yake ku Chinamwali kapena ku Thondwe. Pa Debian ndi Ubuntu yankho lidzakhala www-data, wa nambala 33, kwa mlendo aliyense. Mu PHP muli msampha wa dzina lonyenga, `get_current_user()`, imene imabweza mwini wa fayilo ya script, osati akaunti imene ikuiyendetsa. Yoyendetsayo imapezeka ndi `posix_getpwuid(posix_geteuid())`. Munthu weniweni amadziwika kudzera mu session imene pulogalamu yanu inamutsegulira atapereka pasiwedi, ndipo dzina lake lizitengedwa kumeneko, pa seva, osati m'kabokosi kobisika ka fomu kamene browser imatumiza, chifukwa kameneko aliyense angakasinthe.

Database nayonso imasiyanitsa mesenjala ndi chidindo. Mu PostgreSQL `session_user` ndi amene analumikiza, pamene `current_user` amasintha mukalemba SET ROLE kapena mukalowa mu function ya SECURITY DEFINER. Mu MySQL `USER()` amanena dzina limene wolumikiza anapereka, pamene `CURRENT_USER()` amanena akaunti imene seva inamuvomera nayo. Koma ngati pulogalamu yonse imalumikiza ndi akaunti imodzi, monga zimakhalira nthawi zambiri, database siidziwa kalaliki aliyense, ndipo ndi udindo wanu kutumiza nambala ya munthuyo pamodzi ndi mzere uliwonse umene ukusungidwa.

Pomaliza, lembani zokwanira ndipo muyese

M'kaundula lembani nambala ndi dzina zonse ziwiri, pamodzi ndi dzina la kompyuta ndi nthawi. Dzina lokha silikwanira chifukwa limasintha, ndipo nambala yokha siikwanira chifukwa pa Linux akaunti ikafafanizidwa, UID yake ingathe kupatsidwa kwa wantchito watsopano, amene pambuyo pake angaoneke ngati ndiye analemba malisiti a chaka chimene anali asanalembedwe ntchito. Nambala 1001 ya pa kompyuta ya pakauntala siilinso munthu mmodzi ndi 1001 ya pa kompyuta ya mu ofesi. Ngati real UID, effective UID ndi loginuid zasiyana, lembani zonse zitatu, popeza kusiyanako ndiko kumene wofufuza adzafune kuona. Funsani zimenezi kamodzi pulogalamu ikangoyamba, isanasinthe mphamvu zake, ndi kuzisunga.

Kenako yesani pulogalamuyo m'njira zonse zimene ingadzayendetsedwere, osati imodzi yokha imene inu mumaizolowera. Iyendetseni muli munthu wamba, ndi `sudo`, ndi `su`, kudzera pa `ssh`, kudzera mu cron, ndi `env -i` amene amachotsa environment yonse, komanso mutaika LOGNAME ndi USER abodza patsogolo pake. Pa kuyesa kulikonse lembani papepala dzina limene mukuyembekezera musanaone yankho, chifukwa maso amavomereza msanga chilichonse chimene chatuluka.

Pali vuto limodzi limene malamulo onsewa sangalithetse, ndipo ndi limene mudzalipeze kawirikawiri: kompyuta ya akaunti imodzi yotchedwa Admin, imene pasiwedi yake yalembedwa pa kapepala komatidwa pansi pa kiyibodi, ndipo anthu asanu amasinthana pampando. Pulogalamu yanu idzanena zoona kuti woyendetsa ndi Admin, koma yankho limenelo silithandiza aliyense. Ngati mwini ofesi wavomera, tsegulirani munthu aliyense akaunti yake ndi kuika kuti kompyuta izidzitseka yokha pakapita mphindi zochepa osakhudzidwa. Ngati wakana ponena kuti kutuluka ndi kulowanso kumachedwetsa mzere wa makasitomala, ikani khomo lolowera m'pulogalamu mwenimwenimo, aliyense ndi nambala yake yachinsinsi yosungidwa mwa hash, kutanthauza yosandutsidwa mwakuti woona zosungidwazo sangaiwerenge, ndipo pulogalamuyo iziifunsanso lisiti lililonse lisanasindikizidwe.